Kulasa mbalame pa nthambi yogwedezeka: m'mene kompyuta iphunzirira kapumidwe ka wodwala khansa

Ife amene timayendera odwala m'midzi ndi m'makomboni tamva dandaulo limodzi kangapo konse kucokera kwa abale amene anatumizidwa ku cipatala cacikulu kaamba ka matenda a khansa. Munthu akuti: "Ndinafika, anandigoneka pa kabedi kolimba, anandiuza kuti ndizipuma mpweya monga mwa masiku onse, anandilemba tizizindikiro pa khungu, kenaka anati ndibwerenso pakapita masiku. Mankhwala sanandipatse, makina oocha sanayatse. Kodi si kungonditayitsa ndalama ya basi kumeneku?" Ena pokhumudwa amamanga katundu wao nabwerera kumudzi, ndipo tsiku limene anaitanidwa limadutsa iwo ali kumunda kapena pakhomo pa sing'anga.

Lero tifuna tikambirane cimene cicitika m'masiku odikira amenewo, maka-maka kwa wodwala amene cotupa cake cili m'mapapo, m'ciwindi, kum'mero kapena m'bere. Masikuwo satayika cabe. Ndiyo nthawi imene madotolo ndi kompyuta akhala akuphunzira m'mene munthuyo apumira, cifukwa cotupa cimene afuna kuocha sicikhala malo amodzi. Cimakwera ndi kutsika nthawi iliyonse munthu akakoka ndi kutulutsa mpweya. Amene amvetsa zimenezi sathawa cipatala, ndiponso adziwa mbali yake, pakuti m'munda umenewu wodwala naye ali ndi khasu lake.

Kodi kuocha khansa n'kutani?

Cithandizo cimene ambiri tingocichula kuti kuocha, madotolo acicha radiotherapy. Mulibe moto m'menemo. Makina amene ali kunja kwa thupi atulutsa ceza cosaoneka ndi maso, ca mtundu umodzi ndi X-ray imene tijambulitsa nayo cifuwa pofufuza TB, koma camphamvu kutali-tali kuposa imeneyo. Amene anatulukira X-ray ndi Wilhelm Röntgen wa ku Germany mu 1895, ndipo sipanapite nthawi madotolo anaona kuti ingathe kufooketsa zotupa. Ceza cimeneci cikalowa m'thupi cimaononga tizidutswa tamoyo ting'ono-ting'ono timene tipanga cotupa, kuti tilephere kuswana. Wodwala samva kupweteka pamene makina ayaka, ndipo akatuluka m'cipinda satenga cezaco kupita naco kunyumba. Angathe kudyera mbale imodzi ndi adzukulu ake popanda coopsa.

Pafupi-fupi theka la odwala khansa onse amafunikira cithandizo cimeneci nthawi ina pa matenda ao. Kuno ku Zambia, cipatala ca Cancer Diseases Hospital cisanatsegulidwe ku Lusaka mu 2007 ndi Pulezidenti Levy Mwanawasa, wofuna kuocha khansa anayenera kutumizidwa kunja kwa dziko, ndipo amene anali kupeza mwai umenewo anali ocepa. Motero kwa ambiri a ife nkhani imeneyi ikali yacilendo, ndipo cinthu cacilendo cimabala mantha.

Bvuto lake ndi lakuti ceza sicisankha. Cimabvulaza cotupa, koma cimabvulazanso mnofu wabwino umene cadutsamo. Luso lonse la nchitoyi lili ngati la wopalira: khasu lidule udzu koma lisiye cimanga. Ndiye cifukwa cake ceza cimaperekedwa pang'ono-pang'ono, kawiri-kawiri kuyambira Lolemba kufikira Cisanu kwa masabata angapo, kuti mnofu wabwino uzipeza mpata wocira. Ndiyenso cifukwa cake makina amazungulira wodwala ndi kuunika kucokera ku mbali zosiyana-siyana, kuti mphamvu yonse ikumane pa cotupa pokha. Koma kuti ikumane pomwepo, m'pofunika kudziwa pamene cotupa cili. Apa ndiye pagona nkhani yathu.

M'kati mwa thupi mulibe bata

Aliyense amene anatumbulapo mbuzi anaona mnofu wopyapyala, wooneka ngati licero lobvundikira, umene ulekanitsa cifuwa ndi mimba. Ifenso tili nao, ndipo ndiwo mvukuto wa thupi. Tikakoka mpweya mnofuwo utsika, mapapo atambasuka, ciwindi, impso ndi kapamba zikankhidwira pansi. Tikatulutsa mpweya zonse zibwereranso m'mwamba. Munthu wamkulu amene wangokhala phee amapuma maulendo 12 kufikira 20 pa mphindi imodzi, ndiye kuti maulendo pafupi-fupi 20,000 pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse mnofuwo umayenda sentimita 1 kapena 2. Wodwala angagone osagwedeza ngakhale cala, koma m'kati mwake zinthu zili pa ulendo.

Madotolo a pa cipatala ca yunivesite ya Hokkaido ku Japan anafuna kuuona ulendo umenewu bwino-bwino. Anaika kambulu ka golide ka mamilimita 2 m'kati kapena pambali pa cotupa ca m'mapapo, nakatsatira ndi X-ray pamene wodwala anali kupuma. Zotsatira za odwala 20 zinatuluka mu 2002. Zotupa za kumunsi kwa mapapo zinali kukwera ndi kutsika mamilimita pafupi-fupi 12, pamene za kumtunda zinali kusuntha mamilimita 2 cabe. Anapezanso kuti kwa odwala ambiri njira imene cotupa cidzera pokoka mpweya si imene cibwererera potulutsa, ndiponso kuti zotupa za pafupi ndi mtima zimanjenjemera ndi kugunda kwa mtimawo. Mwacidule, wodwala aliyense ali ndi kayendedwe kake-kake, monga m'mene aliyense ali ndi kayendedwe ka miyendo kamene anansi amamuzindikira nako ali patali.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osangoocha malo aakulu kuti cotupa cisathawe? Kale ndi m'mene zinali kucitikira, koma tiyeni tiwerengere mtengo wake. Tiyerekeze cotupa cobulungira ca masentimita 3 m'mimba mwake, cokula ngati suku. Tikaonjezera sentimita 1 mbali zonse, malo oocha akhala a masentimita 5, okula ngati ndimu. Pa maso kusiyana kwake kuoneka kocepa, koma mnofu umene uli m'kati mwa malowo wakula kupitirira kanai. Ndiye kuti pa mnofu wonse umene walandira ceza camphamvu, magawo oposa atatu mwa anai ndi wa papo labwino. Papo lobvulazidwa motero limatupa, munthu akhosomola ndi kubanika kwa miyezi, ndipo mbali ina imauma osaciranso. Kwa mlimi amene ayenera kupalasa njinga ndi matumba a feteleza, mpweya umenewo ndi cuma.

Mtima naonso uli m'njira. Mu 2013 Sarah Darby wa ku yunivesite ya Oxford ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa amai 2,168 a ku Sweden ndi Denmark amene anaochedwa khansa ya m'bere pakati pa 1958 ndi 2001. Muyeso wa ceza uchedwa gray. Anapeza kuti pa gray imodzi iliyonse imene mtima unalandira, ngozi ya matenda aakulu a mtima inali kuonjezeka ndi 7.4 peresenti ya ngozi imene maiyo anali nayo kale. Izi sizitanthauza kuti amai akane cithandizo, cifukwa khansa yosiyidwa ndi yoopsa kuposa pamenepo. Zitanthauza kuti sentimita iliyonse imene mtima wapulumutsidwa ndi ya mtengo wapatali.

M'mene kompyuta iphunzirira kupuma kwa munthu

Tsiku lija wodwala agonekedwa pa kabedi kolimba, amakhala akujambulidwa ndi makina ochedwa CT, amene aonetsa m'kati mwa thupi ngati kuti alidula m'magawo-magawo opyapyala monga buledi. Mbiri ya makinawa ikhudza dera lathu lino. Mu 1956 Allan Cormack, mphunzitsi wa sayansi wobadwira ku Johannesburg, anapemphedwa kuthandiza pa cipatala ca Groote Schuur ku Cape Town. Kumeneko anaona kuti madotolo anali kuwerengera ceza ngati kuti thupi lonse ndi lofanana m'kati, pamene fupa, mnofu ndi papo zimamwa ceza mosiyana. Anayamba kufuna masamu oonera m'kati mwa thupi popanda kuling'amba, nawafalitsa mu 1963 ndi 1964. Godfrey Hounsfield wa ku England anapanga makina enieniwo, amene anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1979.

Koma CT ya masiku onse ili ndi bvuto limene adziwa aliyense amene anayesapo kujambula mwana wosakhazikika. Cithunzi cimatuluka cosokonezeka, kapena cimamugwira ali pamalo pamene sakhalitsapo. Cotupa coyenda cingaoneke cacitali, cacifupi, ngakhale coduka pawiri. Dotolo akakonza cithandizo ca masabata 6 pa cithunzi cotere, ali ngati munthu wochera msampha pamene mbewa inangodutsapo kamodzi.

Ca m'ma 2003 akatswiri anayamba kusewenzetsa njira yochedwa 4D-CT, ndiye kuti CT yowerengeranso nthawi. Pamimba pa wodwala aikapo kabokosi kakang'ono kamene kamera ikayang'ana, kapena amumanga lamba womva kukwera ndi kutsika kwa mimba. Kompyuta ilemba kapumidwe kameneka ngati mzere wa mafunde. Nthawi yomweyo makina ajambula malo aliwonse mobwereza-bwereza kufikira kupuma kumodzi kwathunthu kutatha. Pambuyo pake kompyuta isankha zithunzi mazana-mazanazo monga m'mene mlimi asankhira fodya m'magiredi: izi n'za pamene cifuwa cinali codzaza, izi n'za pamene mpweya unayamba kutuluka, izi n'za pamene unatha. Kawiri-kawiri milu yake imakhala 10. Mulu uliwonse upanga cithunzi cathunthu ca cifuwa, ndipo zithunzi 10 zimenezi zikaonetsedwa motsatizana, dotolo aona filimu ya cotupa cikukwera ndi kutsika.

Nchito yaciwiri ndi yobvutirapo. Ziwalo za m'kati sizingosuntha ngati mwala. Zimakokeka, kufinyika ndi kupindika. Taganizirani citenje ca maluwa cimene amai awiri acikoka. Duwa lililonse lacoka pamene linali, ena atalika, ena apendekeka, koma duwa silinasiyane ndi mnzake woyandikana naye. Kompyuta imatenga cithunzi ca pamene mpweya watha ndi ca pamene cifuwa cadzaza, n'kufufuza kumene kadontho kalikonse kapita, potsata mitsempha ndi njira za mpweya monga maluwa aja. Pamapeto pake imapanga mapu a mivi mamiliyoni, mubvi uliwonse kuonetsa ulendo wa kacidutswa kamodzi ka thupi. Pamenepa pali mbuna imene akatswiri amaicenjerera: papo limatsetsereka pa nthiti, silinamatiridwe, conco kompyuta ikapanda kuuzidwa imaganiza kuti nthiti nazo zitsika limodzi ndi papo.

Akatswiri ena amapita patsogolo. Amamanga papo kapena ciwindi ca masamu m'kati mwa kompyuta, cogawidwa m'tizidutswa zikwi-zikwi, kacidutswa kalikonse n'kupatsidwa kulimba ndi kufewa kwa mnofu weniweni. Akakankha ciwalo ca masamuco monga m'mene mvukuto wa thupi ukankhira, amaona m'mene cipindikira. M'zaka zaposacedwa aphunzitsanso makompyuta pa zithunzi za odwala ambiri-mbiri kuti nchito yofananitsayi, imene inali kudya nthawi, izitha m'kanthawi kocepa.

Mapu amenewa akapezeka, kompyuta imawerengera ceza cimene kacidutswa kalikonse kadzalandira pa ulendo wake wonse, kulowa ndi kutuluka m'njira ya ceza. Imayesa makonzedwe ambiri, kusintha mbali zounikira ndi maonekedwe a cibowo cotulukira ceza, kufikira cotupa citalandira muyeso wokwanira pamene papo, mtima, m'mero ndi mtsempha wa msana zili pansi pa malire ao. Dotolo wa khansa ayang'ana makonzedwewo, katswiri wa sayansi ya ceza awapimanso, ndipo pa njira zobvuta amayamba awayesa pa cidole ca pulasitiki cokhala ndi zopimira m'kati asanakhudze munthu. Amenewa ndiwo masiku aja wodwala aganiza kuti waiwalidwa. Akulu-akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira zinai za mnyamata wa legeni

Mu 2006 bungwe la akatswiri a sayansi ya zacipatala ku America, lochedwa AAPM, linatulutsa malangizo olembedwa ndi gulu lotsogoleredwa ndi Paul Keall. Linati cotupa cikapezeka kuti cisuntha kupitirira mamilimita 5, madotolo aganizire njira yothana ndi kusunthako. Njirazo tingazimvetse poganizira mnyamata wa legeni amene waona njiwa pa nthambi yogwedezeka ndi mphepo.

Njira yoyamba ndi kuponya tumiyala todzaza dzanja kuti tiphimbe ponse pamene nthambi ifika. Dotolo alemba malire a cotupa pa zithunzi zonse 10 ndi kuwaphatikiza kukhala malo amodzi. Papo labwino likhudzidwabe, koma malowo ayesedwa pa munthu yemweyo, osati mongoganizira. Amene cotupa cake cisuntha pang'ono saochedwa malo aakulu pacabe, ndipo amene cake cisuntha kwambiri saphonyedwa. Njira imeneyi ndiyo yofala koposa, cifukwa pa tsiku loocha siifuna makina ena apadera.

Njira yaciwiri ndi kupempha mnzako agwire nthambi. Madotolo a cipatala ca Karolinska ku Stockholm, dziko la Sweden, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 anayamba kupanikiza mimba ya wodwala ndi kacitsulo kathyathyathya kuti apume mosazama. Njira ina ndi yakuti wodwala akoke mpweya wambiri ndi kuusunga m'cifuwa kwa masekondi 20 kapena 30, makina n'kuyaka nthawi yokhayo, kenaka apumule, abwerezenso. Kwa mai amene aochedwa bere lakumanzere njirayi ili ndi phindu lina: papo likadzaza limalowa pakati pa bere ndi mtima, mtima n'kucoka m'njira ya ceza.

Njira yacitatu ndi kudikira pamene nthambi imaima kanthawi isanabwerere. Wodwala apuma momasuka, kamera iyang'ana mimba yake, ndipo makina ayaka pokhapo mpweya uli kumapeto kotuluka, cifukwa ndi pamene cotupa cikhalitsa malo amodzi. Akangoyamba kukoka mpweya makina azima okha. Njirayi inayambira ku Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Imapulumutsa mnofu wabwino, koma wodwala amakhalitsa pa kabedi, pakuti makina amakhala ozima nthawi yambiri.

Njira yacinai ndi kutsatira mbalame ndi dzanja. Makina ochedwa CyberKnife, amene anapangidwa ndi dotolo John Adler wa ku Stanford ku America ndipo anacizira wodwala woyamba mu 1994, ali pa mkono wa citsulo woyenda wokha. M'zaka zotsatira anaphunzitsidwa kuyenda limodzi ndi kupuma kwa wodwala. Kompyuta yake imayamba yaphunzira mgwirizano wa kunja ndi m'kati: cifuwa cikakwera cakuti, cotupa cimakhala pakuti. Kenaka imatsatira cifuwa, n'kumajambula X-ray pakapita kanthawi kuti itsimikize ngati mgwirizanowo ukali woona. Ku Utrecht, dziko la Netherlands, mu 2017 anacizira odwala ao oyamba pa makina ophatikiza coochera ndi cojambulira ca MRI, cimene cionetsa ziwalo zofewa nthawi yomwe ceza cilowa.

Mnyamata wodziwa legeni salozetsa pamene mbalame ili, amalozetsa pamene idzakhale mwala ukafika. Makina naonso amacedwa pang'ono pakati pa kuona ndi kucita. Cotupa coyenda masentimita 2 m'masekondi 2 cimakhala casuntha kale mamilimita 5 ngati makina acedwa ndi theka la sekondi. Conco kompyuta imayang'ana m'mene munthu wapumira m'masekondi apitawo n'kulosera pamene cotupa cidzakhale kanthawi kakubwera. Kulosera kumeneku kumayenda bwino kwa munthu wopuma modekha ndi mofanana. Kumasokonezeka kwa munthu wamantha, wokhosomola kapena wousa moyo.

Kompyuta siidziwa zonse

Tisanamizane, abale athu. Zonse zimene kompyuta idziwa za wodwala inaziphunzira pa mphindi zocepa za tsiku limodzi. Ngati tsikulo munthu anali ndi mantha n'kumapuma mwaphuma, filimu yake ionetsa ulendo waufupi, ndipo pa masiku oocha, mtima utakhala pansi, cotupa cingamafike kumene kompyuta siinacionepo. Mimba ya kunja ndi cotupa ca m'kati sizigwirizana ndendende nthawi zonse. Munthu akagona kwa mphindi zingapo thupi limamasuka, ndipo ciwalo cingatsetsereke pang'ono kucoka pamene cinayambira. M'kupita kwa masabata cotupa cingacepe, wodwala angaonde, madzi angadzaze m'cifuwa kapena kuphwa.

Kaamba ka ici, m'zipatala zokhala ndi zipangizo zake amajambulanso wodwala ali pa makina oochera asanawayatse, n'kufananitsa ndi zithunzi zoyamba. Akaona kuti zasiyana kwambiri amabwereza CT ndi kukonzanso cithandizo. Wodwala akauzidwa kuti abwerere kukajambulidwa pakati pa masabata oocha asataye mtima poganiza kuti matenda akula. Nthawi zambiri n'kufuna cabe kuti mapu agwirizane ndi munda monga ulili lero.

Tidziwenso kuti si cipatala ciliconse pa dziko lapansi cili ndi njira zonse zinai. Makina otsatira cotupa ndi odula kwambiri, ndipo ngakhale m'maiko olemera sapezeka paliponse. Si wodwala aliyensenso afunikira njira zimenezi: cotupa ca m'mutu, ca m'khosi kapena ca pa mwendo sicisuntha ndi kupuma. Pa khansa ya khomo la ciberekero, imene ndiyo isautsa amai ambiri m'dziko lathu, cimene cisuntha ziwalo kweni-kweni ndi kudzaza kwa cikhodzodzo ndi matumbo. Mai akauzidwa kumwa makapu akuti a madzi ndi kudikira mphindi zakuti asanalowe m'cipinda, cifukwa cake ndi comweci: kuti ziwalo zikhale pamene zinali tsiku lojambula.

Khasu la wodwala ndi la omusamalira

Tsopano tifike pa zimene zili m'manja mwathu. Coyamba, tsiku lojambula ndi tsiku lalikulu monga tsiku loocha. Wodwala apume monga apumira ali pa mkeka kunyumba, osadzikakamiza kuti akondweretse anamwino. Ngati kagonedwe kamene amuika kamupweteka phewa kapena msana, akambe pomwepo, cifukwa adzagona momwemo tsiku lililonse mpaka cithandizo cithe.

Caciwiri, ngati ali ndi cifuwa cokhosomola, abanika, kapena amva ululu umene umulepheretsa kupuma bwino, auze madotolo asanagone pa kabedi. Pali mankhwala ocepetsa zimenezi. Ali m'cipinda yekha, anchito amamuona pa kamera ndi kumumva, ndipo angathe kuzimitsa makina nthawi iliyonse. Akamva kuti cifuwa cabwera apereke cizindikiro cimene anagwirizana, osati kudzuka kapena kulimbana naco mwakacete-cete.

Cacitatu, amene wauzidwa kuti adzasunga mpweya m'cifuwa ayeserere kunyumba monga anamulangizira, atagona cagada manja ali kumutu, mwana kapena mdzukulu akumuwerengera masekondi. Amene samva bwino cizungu apemphe womasulira, kuti mau akuti kokani, sungani, tulutsani awamve m'cinenero cake. Palibe manyazi pamenepa. Safunsa anadya phula.

Cacinai, tizizindikiro ta pa khungu tisapukutidwe, tisatemeredwe mphini, ndiponso tisapakidwe mankhwala amene dotolo sanalole. Ndi timene anchito ayambira poika munthu pamalo pake. Cacisanu, masiku asadumphidwe. Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, ndipo tidziwa kuti ndalama ya ulendo, ya cakudya ndi ya pogona imatha msanga, pamene kumunda nako udzu sudikira. Apa ndi pamene banja, anansi ndi a mumpingo ayenera kugawana mizere ya wodwalayo ndi kusonkherana kangacepe, kuti iye asasankhe pakati pa cimanga cake ndi moyo wake. Wodwala adyenso mokwanira, pakuti akaonda kwambiri thupi silifanananso ndi limene kompyuta inaphunzira.

Cotsiriza ndi kufika msanga. Njira ya ku Stockholm ija inabala cithandizo cimene cipereka ceza cambiri pa maulendo ocepa, monga 3 kufikira 8, pa cotupa ca m'mapapo kapena m'ciwindi, ndipo kwa odwala ambiri cotupaco cimafa osameranso pamalopo. Koma cimatheka pa zotupa zazing'ono zokha, zimene kayendedwe kake kayesedwa bwino. Cifuwa cosamva mankhwala a TB, kukhosomola magazi, nsima kukakamira pa m'mero, kambulu m'bere, kutupa kapena kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, zonsezi n'zofunika kupita nazo ku cipatala zikali zatsopano. Ndipo ife alimi tikumbuke kuti utsi wa fodya ndiwo gwero lalikulu la khansa ya m'mapapo, pamene nshawa ndi cimanga zogwidwa cuku zili pakati pa zobweretsa khansa ya ciwindi.

Kwa atsogoleri athu tikamba kuti kugula makina ndi ciyambi cabe. Makina afuna magetsi osazima-zima, amisiri owakonza, ndi anthu ophunzira owapima m'mawa uliwonse. Kumbuyo kwa wodwala mmodzi kuli dotolo wa khansa, katswiri wa sayansi ya ceza, woyendetsa makina ndi namwino, ndipo mmodzi akasowa nchito imaima. Kwa makolo tikamba kuti mwana wanu wokonda masamu ndi sayansi musamucotse pa sukulu kuti akawete ng'ombe kapena akakwatiwe. Cormack uja sanali dotolo, anali mphunzitsi wa sayansi, koma masamu ake athandiza odwala osawerengeka.

Tsono mukadzaona mbale wanu wabwera ndi tizizindikiro pa cifuwa ndi kapepala ka tsiku lobwerera, musamuuze kuti acipatala amukana. Muuzeni kuti anajambula kupuma kwake ndipo ali kukonza cithandizo ca iye yekha. Sungani kapepalako pabwino, yambani kusonkha ya basi, ndipo tsikulo likafika mumuperekeze.